Musanaveke Tayala, Yambani Mwayesa Limu

Mpikisano wa drag suchedwa. Galimoto ziwiri zimaima pamzere, nyali ikabiriwira zimanyamuka, ndipo pa mamita 402 nkhani yatha. Amene munakaonerako ku Tarlton, kufupi ndi Krugersdorp ku South Africa, kapena ku Santa Pod ku England, mukudziwa mmene tayala limachitira makwinya ponyamuka. Mphamvu yonse ija imadutsa pa manati anayi kapena asanu okha. Choncho ngati pakhomo panu pali galimoto yomwe ikukonzedwera mpikisano wotere, ndipo mwini wake wabwera ndi malimu atsopano onyezimira, muuzeni adekhe. Limu kulowa sindiye kuti yakwana.

Langizo langa loyamba ndi lakuti limu iyesedwe ili yokha, tayala lisanavekedwe. Wogulitsa savuta kulandira limu yosakandika, koma ikangodutsa pamakina ovekera matayala, ndalama zanu zapita. Kwezani galimoto pamalo osalala, ndipo ikhale pa zochirikiza zachitsulo. Jeke yokha kapena njerwa musazikhulupirire, pakuti mutu wanu ulowa pansi pamenepo.

Yambani ndi mabowo. Muyeso wake umalembedwa ngati 4x100 kapena 5x114.3: nambala yoyamba ndi kuchuluka kwa mabowo, yachiwiri ndi kukula kwa mzere wozungulira womwe mabowowo akhalapo, mu mamilimita. Citi Golf ndi Honda Civic yakale ndi 4x100. Nissan Skyline ndi Ford Mustang yamakono ndi 5x114.3, BMW zambiri zakale ndi 5x120. Msampha uli pa miyeso yoyandikana. Limu ya 5x112 kapena 5x115 ikhoza kukankhika pa 5x114.3, manati n'kumanga ndithu, koma bauti iliyonse imakhala yapindika pang'ono, ndipo tsiku lina idzathyoka galimoto ili paliwiro. Makaniko akakuuzani kuti "ilowa bwana, tingoimenya pang'ono", nyamulani limu yanu muzipita.

Kenako bowo lalikulu la pakati. Pa Toyota ya mabauti anayi nthawi zambiri habu imakhala mamilimita 54.1, pa Volkswagen 57.1, pa Nissan ya mabauti asanu 66.1. Bowo likachepa, limu siifika pokhala pake. Likakula, gulani mphete zodzazira mpatawo, makamaka za aluminiyamu, kuti gudumu lisamanjenjemere.

Pofunika kufatsa kwambiri ndi kumbuyo kwa limu, komwe maso safika. Mkati mwake mumadindidwa zilembo ET ndi nambala, monga ET35. Nambala ikakwera limu imalowa mkati, kufupi ndi shoko ndi paipi ya mabuleki; ikatsika imatulukira kunja, kufupi ndi m'mphepete mwa madigadi. Ochita drag amakonda limu ya mainchesi 15 pa magudumu okoka, kuti tayala likhale ndi khoma lalitali lofewa, koma limu yaing'ono chotere kawirikawiri imakhula kalipa ya buleki. Njira yomwe ndimaikonda ndi yachikale: matani kadongo kofewa pamwamba ndi pambali pa kalipa, mangani limu ndi manati, izungulitseni ndi dzanja, kenako ichotseni muyeze dongolo pomwe laphwanyika. Mpata usachepere mamilimita 3, chifukwa chitsulo chikatentha chimafufuma. Kumbukiraninso timitovu tomwe amamata mkati mwa limu pobalansa. Tambiri timathothoka pa kalipa ulendo woyamba.

Manati nawo anthu amawapeputsa, ndipo zimandidetsa nkhawa. Pali a m'munsi mosongoka, a m'munsi mozungulira ngati mpira, ndi ena aatali okhala ndi washa, omwe malimu ambiri a drag amafuna. Nati yolakwika imagwira malo ochepa, n'kumamasuka pang'onopang'ono. Mazinga amasiyananso: Toyota ndi Honda ndi M12x1.5, pomwe Nissan ndi Subaru ndi M12x1.25. Limu ya mpikisano imakhala yochindikala pakati, motero bauti imaoneka yafupika. Werengani ndi dzanja: pa M12x1.5 nati izungulire kasanu ndi katatu kapena kuposa isanalimbe, ndiye kuti yagwira mamilimita 12. Zikapanda kutero, ikani mabauti aatali. Oyendera galimoto pabwalo la mpikisano amayang'ana zimenezi, n'chifukwa chake ambiri amamanga manati otseguka kumapeto kuti bauti izionekera.

Zonsezi zikayenda bwino, vekani tayala limodzi lokha, mulimange, mutsitse galimoto. Pindani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri wina akusuzumira. Pa Golf ndi Civic mpofunika kwambiri, popeza matayala aakulu amakhala kutsogolo. Kenako anthu awiri atatu akhale m'buti kuti kumbuyo kutsike monga kumachitira ponyamuka, inu mupise dzanja pakati pa tayala ndi bodi. Siyani mpata wooneka, zala ziwiri zizidutsa momasuka, chifukwa matayala osalala a drag amatalika liwiro likakwera, ndiponso amagwedera m'mbali popeza mpweya wake umakhala wochepa. Pomwe pakhula pamasiya chizindikiro chowala. Pakani choko m'mphepete mwa madigadi kuti muone msanga.

Mukaveka lachiwiri, matayala awiri okokawo muwayeze kuzungulira kwake ndi tepi, mpweya uli wofanana. Akasiyana kupitirira sentimita imodzi, galimoto imakokera mbali imodzi, ndipo m'mbali mwa bwalo muli khoma.

Pomanga komaliza, pukutani dzimbiri pankhope ya habu, mabauti akhale ouma opanda girisi, ndipo mangani modumphadumpha, osati motsatana. Gwiritsani ntchito torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, osati kudumphira pa sipanala. Toyota zambiri zimafuna 103 Nm, koma tsatirani buku la galimoto yanu ndi malangizo a wopanga limu. Lembani mzere wa choko kuchoka patayala kufika pa limu. Mukathamanga ulendo woyamba, bwererani ku manati onse ndi torque wrench, kenako muone mzere uja. Ukasemphana, tayala likuterereka pa limu, ndipo pafunika limu ya beadlock, yomwe imapana tayala m'mphepete, kapena zomangira zogwira mkombero musanabwererenso pamzere.