Kanyumba kogona pa pick-up: mamangidwe ake ndi zipangizo zoyenera

Ku America, Australia ndi South Africa si zachilendo kuona pick-up itasenza kanyumba kokhala ndi bedi, pophikira ndi posungira madzi, kamene mwini wake amatha kukatsitsa ulendo ukatha. Kogula kufakitale n'kodula kwambiri, n'chifukwa chake ambiri amamanga okha. Ntchitoyi ndi yotheka kwa munthu wodziwa kugwira sowo ndi tepi, koma ili ndi msampha umodzi. Mmisiri wozolowera nyumba yapansi amaganiza kuti chinthu cholemera ndicho cholimba. Pagalimoto, kulemera ndiko kumathyola masipuling'i, kuphulitsa matayala ndi kuchedwetsa mabuleki. Choncho chipangizo chilichonse chiyenera kufunsidwa funso limodzi chisanagulidwe: kodi ntchito imene chigwire ikulingana ndi makilogalamu amene chiwonjezere?

Musanadule thabwa ngakhale limodzi, dziwani katundu amene galimoto yanu imaloledwa kusenza. Pa kachitsulo kapena kapepala komatidwa pafelemu ya chitseko, kapenanso m'buku la galimotoyo, pamalembedwa kulemera kumene isapitirire itadzaza. Pitani nayo pa sikelo ya magalimoto ili ndi mafuta odzaza thanki, ndipo muchotsere zimene sikelo yanena pa nambala ija. Toyota Hilux ya zitseko zinayi imasenza makilogalamu pafupifupi 1,000, ndipo zina sizifika pamenepo. Pa chiwerengerochi chotsani anthu awiri, tinene makilogalamu 150. Madzi malita 60, omwe ndi makilogalamu 60. Batire yamtovu ya 100Ah, yomwe imayandikira makilogalamu 30. Silinda ya gasi ya makilogalamu 9, yomwe ikadzaza imayandikira 20. Kenaka chakudya, zofunda ndi zida zokonzera galimoto. Mukatero, ndi bwino kanyumba kopanda kanthu kasapitirire makilogalamu 350, kuti patsale mpata wa zinthu zimene munthu amangoponyamo tsiku lonyamuka.

Kenaka yezani bodi ya kumbuyo, makamaka mpata wa pakati pa matumba a matayala, chifukwa pansi pa kanyumba payenera kulowa pamenepo. Bodi ya pick-up ya zitseko zinayi ndi yaifupi, pafupifupi mita imodzi ndi theka, ndipo munthu wamkulu sangatambasule miyendo. Apa ndi pamene ambiri amakopeka kutalikitsa kanyumba kuti katulukire kutali kumbuyo. Musatero. Katundu wolendewera kuseri kwa ekiselo ya kumbuyo amapepukitsa matayala akutsogolo, ndipo galimoto ikagunda dzenje, chasisi imatha kupindika pakati pa bodi ndi pokhala anthu. Ndi bwino bedi likwere pamwamba pa denga la galimoto, ndipo zolemera zonse monga madzi, batire ndi zida zikhale pansi, kutsogolo kwa ekiseloyo. Yambani mwamanga chitsanzo cha makatoni ndi timitengo m'bodimo, mulowemo, mukhale pansi, mugone. Katoni imakhululuka, chitsulo chowotcherera kale sichikhululuka.

Nkhani yaikulu ili pa felemu. Chitsulo chimalemera makilogalamu pafupifupi 7,850 pa kiyubiki mita, aluminiyamu 2,700, paini wouma pafupifupi 500. Wina angati aluminiyamu ndiye yankho, popeza ndi wopepuka ndipo sachita dzimbiri. Koma aluminiyamu amapindika katatu kuposa chitsulo cha kukula komweko, motero amafunika machubu okulirapo, ndipo phindu lina la kupepuka limathera pomwepo. Amafunanso makina owotcherera a mpweya wa argon ndi mmisiri wodziwa, ndipo pafupi ndi powotcherera amafooka n'kuyamba ming'alu akagwedezeka kwa nthawi yaitali. Wina angatinso misewu yafumbi ngati wa ku Rumphi wopita ku Nyika imafuna chitsulo basi. Mfundoyi ili ndi nzeru, chifukwa chitsulo chikathyoka wowotcherera amapezeka mosavuta. Komabe chubu cha mamilimita 25 mbali zonse, chochindikala mamilimita 1.6, chimalemera kupitirira kilogalamu imodzi pa mita, ndipo felemu yonse imadya mamita ambirimbiri. Chitsulo chimalowetsanso kutentha masana ndi kuzizira usiku, ndipo m'miyezi ya June ndi July mpweya wa anthu ogona umasanduka madontho pa chubu chilichonse. Kwa womanga koyamba, njira yanzeru ndi kuika chitsulo pansi pokha ndi pamalo omangirira, ndipo makoma ndi denga zikhale za paini wouma bwino, wopanda mfundo zikuluzikulu.

Amene amakayikira thabwa amaiwala kuti mphamvu ya khoma lotere siichokera m'mitengo yokha. Imachokera m'kumatana kwa zinthu zitatu: plywood wopyapyala kunja, thovu louma la polystyrene la mamilimita 25 pakati, ndi plywood wina mkati, zonse zomatidwa ndi guluu wosaopa madzi. Zikagwirana chonchi khoma limauma gwa ngati chitseko chopepuka cha m'nyumba, chomwe mkati mwake mulibe thabwa lochindikala koma sichipindika. Plywood mmodzi wa mamilimita 2,440 m'litali ndi 1,220 m'lifupi amalemera makilogalamu oposa 30 akakhala wa mamilimita 18, pamene wa mamilimita 6 amalemera pafupifupi 11. Wochindikala mugwiritse ntchito pansi ndi pa bedi pokha. Sankhani wolembedwa kuti ndi wa panja kapena wa maboti, ndipo chipboard ndi MDF muzisiye m'sitolo, chifukwa ndi zolemera, zimafufuma zikanyowa ndipo sizigwira masikuluwu pakakhala kugwedezeka. Misomali nayonso imazuka yokha pamsewu. Guluu ndi masikuluwu ndizo zigwire ntchito.

Mdani weniweni wa thabwa ndi madzi, ndipo pano musaumire ndalama. Mangani pansi, imikani makoma, dutsitsani mawaya a magetsi musanatseke mkati, kenaka ikani denga lopendekeka pang'ono kuti madzi asadikhe. Kunja kutani ndi fibreglass kapena aluminiyamu wopyapyala. Mukasankha fibreglass, dziwani kuti utomoni wa polyester umasungunula polystyrene ukamukhudza, pamene wa epoxy sutero. M'mphepete mwa plywood, momwe madzi amalowera msanga, pakani epoxy kawiri. Mozungulira mawindo ndi chitseko matani ndi phula la polyurethane monga Sikaflex, lomwe limatambasuka galimoto ikamagwedezeka, ndipo penti imaligwira. Pakani penti yoyera kuti dzuwa lisakuwotcheni.

Kanyumba kamangiriridwe m'malo anayi, pa zitsulo zogwirana ndi chasisi, osati pa lata la m'mbali mwa bodi lomwe limang'ambika. Pansi pake yalani mphira kuti kasatsetsereke. Siyani mazenera awiri olowetsa mpweya, lina m'munsi lina m'mwamba, okhala ndi sefa yotchinga udzudzu. Silinda ya gasi ikhale m'kabokosi kakekake kokhala ndi chiboo chapansi chotulukira kunja, popeza gasi ndi wolemera kuposa mpweya ndipo akadontha amadikha pansi. Mbaula ya makala isalowe m'kanyumbamo ngakhale kuzizire motani, chifukwa mpweya wake wa carbon monoxide sununkha ndipo umapha anthu ali m'tulo.

Mukamaliza, thirani madzi ndi paipi padenga ndi m'mawindo kwa mphindi zingapo wina ali mkati kuyang'ana podontha. Longedzani zonse za paulendo, bwererani pa sikelo, ndipo muyeze ekiselo iliyonse payokha, chifukwa galimoto yonse ikhoza kukhala m'malire pamene kumbuyo kwalemedwa. Kuika masipuling'i owonjezera sikusintha malire aja. Mabuleki, matayala ndi chasisi ndi zomwe zija. Funsani ku ofesi yoona za pamsewu ndi kukampani yanu ya inshuwalansi ngati pakufunika chilolezo. Ulendo woyamba ukhale waufupi, ndipo mukayenda makilomita ochepa imani mumangenso mabawuti. Sikelo ikanena kuti mwapitirira, tsitsani katundu musanakweze banja lanu.