Matanthauzo a Mneni wa Chingerezi "Run"

Ophunzira ambiri amaloweza kuti "run" ndi kuthamanga, basi. Koma m'chaka cha 2011, Peter Gilliver, mmodzi mwa akonzi a mtanthauziramawu wa Oxford English Dictionary, adapeza matanthauzo 645 a mneniyu. Cholinga cha nkhani ino ndi kuonetsa kuti tanthauzo la "run" limadalira mawu amene ayandikana naye. Zitsanzo zachokera ku Kanengo, dera la mafakitale mumzinda wa Lilongwe.

Choyamba, tiyang'ane mwininkhani. Wantchito wochokera ku Mgona akachedwa, "he runs", ndiye kuti akuthamangadi. Koma pafakitale yokonza fodya, "the machine is running" akutanthauza kuti makina akugwira ntchito. Munthu amene sadziwa zimenezi akhoza kuwerenga chenjezo loletsa kupukuta makina pamene ali "running", osalimvetsa, mapeto ake n'kuduka zala. Nayo minibasi imene "runs" pakati pa Area 25 ndi m'tauni ndi yoyenda njira imeneyo tsiku ndi tsiku, ngakhale iziyenda ngati nkhono.

Chachiwiri ndi pamtherankhani. Mayi amene "runs a grocery" sathamangitsa golosale, amaiyendetsa. Apa Chichewa chasankha kuyenda pamene Chingerezi chasankha kuthamanga.

Chachitatu ndi timawu totsatira mneni. Chimanga chikachita "run out" m'nkhokwe za National Food Reserve Agency, ndiye kuti chatha. "Run over" ndi kuponda ndi galimoto, "run away" ndi kuthawa, pamene "run for" ndi kupikisana nawo pachisankho. Palinso mawu apachibale: "running water" ndi madzi a pampopi, ndipo m'Chingerezi cha kuno kwathu "running stomach" ndi kutsegula m'mimba.

Tisaganize kuti Chingerezi chokha ndicho chili ndi khalidweli. Mneni wathu "kumva" amagwira ntchito pa mawu, fungo, ululu, kukoma ngakhalenso kumvera malangizo. Mwana wosamva si gonthi ayi.

Pomaliza, popeza wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE, aphunzitsi asiye kulemba pabolodi mawu amodzi ndi tanthauzo limodzi. Mneni aziphunzitsidwa m'chiganizo, pakuti mutu umodzi susenza denga: "run" payekha sanena kanthu mpaka anzake atamuthandiza.