Kusamala galimoto yokoka mawilo onse kuno ku Chigwa cha Shire

Mabanja ambiri a ku Nchalo, Ngabu, Bangula ndi pa boma la Nsanje akapezako kangachepe amagula RAV4, X-Trail, CR-V kapena Forester yomwe idayendako kale ku Japan. Ndi galimoto yokwera kumimba, imanyamula ana ndi matumba omwe, ndipo mvula ikagwa imakafika kumudzi komwe zing'onozing'ono zimabwerera panjira. Koma ikafika kuno siifa ndi ukalamba ayi. Zimene zimaipha msanga ndi kutentha, madzi ndi matayala osafanana, ndipo zonsezi mwini wake angathe kuzipewa.

Musanapereke ndalama, gonani pansi muione kumimba. Mitundu yomweyi ilipo ina yokoka mawilo akutsogolo okha, ngakhale kunja imaoneka chimodzimodzi. Yokoka onse imakhala ndi chitsulo chachitali, chomwe amakaniko amati pulopela shafti, chochokera ku giyabokosi kukalowa mu difu yakumbuyo. Muli pansi pomwepo onani dzimbiri, chifukwa kumadera ozizira a Japan amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu. Makilomita olembedwa pa dashibodi musawadalire kwambiri. Mukangogula, khuthulani oyilo yense, wa injini, wa giyabokosi ndi wa madifu, kuti muyambe kuwerenga nokha. Ngati ndi Forester yakale yoyendera lamba wa taimingi, lambayo asinthidwe nthawi yomweyo.

Mu Okutobala ndi Novembala kuno kumatentha kupitirira madigiri 40, ndipo chimene chimapulumutsa injini ndi rediyeta. Apa m'pamene ambiri timadzipha tokha. Madzi akachepa timangotunga pa mjigo n'kuthira, pomwe mijigo yambiri ya m'chigwa muno imatulutsa madzi amchere. Mcherewo umadya rediyeta ndi pampu m'kati, n'kutseka timipata toyenda madzi, ndipo zimenezi sizioneka mpaka tsiku lomwe injini idzawire. Thirani kulanti weniweni, ndipo botolo lina lizikhala m'galimoto. Mukasowa pogwira, madzi a m'botolo a mugolosale ndi abwinoko kusiyana ndi a pa mjigo. Kutsogolo kwa rediyeta kumadzaza njere za udzu, phulusa la nzimbe zootchedwa ndi matope ouma. Tsukani ndi madzi osathamanga kwambiri, injini itazizira.

Galimoto yodwala imaululika pa chikweza chochokera pa Thabwa kupita ku Blantyre. Pokwera, diso lizikhala pa geji ya kutentha. Kasingano kakadutsa pomwe kamakhala masiku onse, zimitsani eyakoni ndipo imani pamalo otakasuka. Kakafika pofiira zimitsani injini, ndipo musakhudze chivindikiro cha rediyeta kufikira itazizira, chifukwa nthunzi yake imasupula khungu. Kukakamira kuti “tikaonera ku Blantyre” ndiko kumapsereza gasiketi. Potsika, ikani giya yotsika, ya L kapena 2, injini izikugwirirani. Mukadalira phazi lokha m'makhotakhota onse aja mutanyamula anthu ndi katundu, mabuleki amatentha n'kusiya kugwira. Mafuta a mabuleki azisinthidwa zaka 2 zilizonse.

Zambiri mwa galimotozi, monga X-Trail ndi RAV4 za m'ma 2008, zili ndi giyabokosi ya CVT. Imeneyi siigwirizana ndi kutentha, katundu wopitirira muyeso ndi oyilo wolakwika. Makaniko akakuuzani za oyilo wa giyabokosi kuti “bwana, ATF ndi imodzi yomweyo”, kanani mwaulemu ndipo mugule yomwe idalembedwa m'buku la galimotoyo. Oyilo wa injini asinthidwe pa makilomita 5,000, osadikira kupitirira apo. Fyuluta ya mpweya izionedwa mwezi ndi mwezi m'chilimwe, makamaka kwa oyenda misewu yafumbi ya ku East Bank ndi ya kumidzi. Batire nalonso silikhalitsa kuno monga limachitira ku Dedza.

Nkhani ya matayala ndi yomwe imandipweteka mtima, chifukwa imaoneka ngati kusamala ndalama. Tayala likaphulika, munthu amagula limodzi la kaunjika pamsika n'kuvalika, saizi n'kusiyana pang'ono ndi anzake. Pa galimoto yokoka mawilo onse, anayiwo ndi olumikizana. Limodzi likakhala lalikulu limazungulira mochedwa kuposa ena, ndiye zitsulo zogawa mphamvu pakati zimangolimbana ulendo wonse, n'kumatentha mpaka kutha. Mtengo wozikonzera umaposa wa matayala. Onse anayi akhale a saizi imodzi, mtundu umodzi, ndiponso otha mofanana. Asinthanitseni malo pa makilomita 10,000. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chomwe lidapangidwa: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya 2019. Lakale kwambiri, ngakhale mano alipo, limaphulika pa phula lotentha la pakati pa Ngabu ndi Bangula. Mpweya yezani m'mawa, matayala asanatenthe.

Tonse tidaona momwe namondwe wa Ana adadulira msewu wa M1 m'boma la Chikwawa mu Januwale 2022, ndi zomwe Freddy adachita mu Malichi 2023. Komabe galimoto zambiri zimaonongekera pa timitsinje wamba tomwe m'chilimwe mumakhala mchenga wokhawokha. Mvula ikagwa kumapiri a Thyolo kapena kumtunda kwa Mwanza, madzi amafika mwadzidzidzi kuno kuli dzuwa. Galimoto ya banja si Land Cruiser ya mabungwe. Mphuno yokokera mpweya ili pansi. Tsikani, funsani anthu apamalopo, muone ena akuwoloka. Madzi othamanga ofika m'mawondo musayerekeze, dikirani aphwe. Injini ikazimira m'madzi musailizenso, chifukwa madzi akalowa m'kati zitsulo zimapindika. Ikankhireni kumtunda, makaniko achotse mapulagi kaye. Ndipo poikoka, mawilo awiri asanyamulidwe ena awiri akugudubuzika pansi. Yonse ikwere pa lole.

Mukawoloka bwino, ntchito sinathe. Difu yotentha ikamizidwa imayamwa madzi kudzera pa kabowo kopumira. Uzani makaniko amasule nati aone: oyilo akatuluka wotuwa ngati tiyi wamkaka, akhuthulidwe tsiku lomwelo. Aonenso timalabala tophimba ma CV. Kakang'ambika, mchenga umalowa, ndipo posakhalitsa mumamva “kakaka” pokhota. Dothi lamakande la ku Ngabu likamata kumimba litsukidwe lisanaume. Mukatitimira m'menemo, batani la LOCK, ngati galimoto yanu ili nalo, limathandiza pa liwiro lochepa lokha. Mawilo akangozungulira pamalo amodzi, lekani kuponda moto. Kumbani, yalani nthambi, itanani anthu akukankheni.

Mafuta akasowa pa mafilingi, a m'zigubu amakhala ena osakaniza ndi palafini kapena madzi. Ngati palibe kuchitira mwina, sefani ndi nsalu yoyera, ndipo musazolowere kuyenda thanki ili pansi, popeza pampu ya petulo imazizira ndi mafuta omwewo.

Masipeya akuluakulu amapezeka ku Blantyre, ku Limbe ndi ku Ndirande, ndiye tengani nambala ya chasisi kapena chitsulo chakalecho popita, kuti musabwerere ndi chosalowa. Khalani ndi makaniko mmodzi wodziwa galimoto yanu, ndi kope m'galimoto lolembamo tsiku, makilomita ndi chomwe chasinthidwa. Mwezi uliwonse patulani ndalama ya galimoto payokha, kaya ku banki m'khonde kaya pa foni, yoti ikwanire inshuwalansi, COF ya ku Road Traffic ndi matayala anayi nthawi imodzi. Achibale akaibwereka pa maliro kapena pa matenda, muyendetse nokha kapena mupereke kwa dalaivala amene mudamuuza kale za geji, za mtsetse wa Thabwa ndi za mitsinje.