Asanajambule Girafu, Ayambe Ayeretsa Manambala

Mphunzitsi amene afuna kuphunzitsa anyamata ndi atsikana a ku sekondale kusanthula manambala pa kompyuta asadye nthawi ndi zokonzekera, pakuti Python ndi yaulere, pandas ndi matplotlib nazonso n'zaulere, ndipo laputopu yakale ikwanira ophunzira atatu okhala mothithikana. Ikani zonsezi m'makinamo tsiku limodzi. Musadalire Google Colab, chifukwa bandulo ikatha, phunziro nalo latha.

Manambala akhale akwathu. Kalembera wa 2018, amene a National Statistical Office ku Zomba anapeza kuti m'Malawi muli anthu 17,563,749, ndi poyambira pabwino, popeza mwana aliyense adzafuna kuona boma la kwawo.

Tsono apa ndi pamene ndaona ambiri akugwa chaka ndi chaka. Mwana akangotsegula fayilo ndi read_csv, mtima wake umathamangira ku mitundu yowala ya girafu, ndipo mphunzitsi waulesi, poona chithunzi chatuluka, amaomba m'manja, osakumbukira kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Musamlole mwanayo. Ayambe wayang'ana tebulo ndi head ndi info, mzere ndi mzere, pakuti nambala yolembedwa ndi makoma kompyuta imaiyesa mawu, ndipo mukati iwonkhetse, imangolumikiza zilembo mchira ndi mchira. Mizere ya chiwonkhetso cha chigawo ndi cha dziko ikatsalamo, anthu amachuluka katatu. Mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu inawerengedwa payokha, ndipo wosadziwa ichi adzachepetsa maboma amene muli mizindayi. Choipa koposa, pophatikiza matebulo awiri ndi merge, ngati limodzi lalemba Nkhata Bay, linzake Nkhatabay, bomalo limasowa mwakachetechete, kompyuta osadandaula konse.

Ndibwerezenso, pakuti mawu salowa kamodzi m'makutu a achinyamata: asajambule kanthu kufikira chiwonkhetso chake chitafika pa 17,563,749 yeniyeni. Chikapitirira, abwerere, chikaperewera, abwerere. Iwo amene amalangiza kuti pamalo popanda nambala muzingoikapo 0 asamveredwe, chifukwa kusalemba kanthu n'kosiyana ndi kupeza kuti palibe kanthu, ndipo ziro wabodzayo adzatsitsa avereji yonse. Ntchitoyi ingadye masabata awiri, ana akunyinyirika. Apirire ndithu, ndipo khodi aliyense alembe ndi zala zake, osati kukopera ya pa intaneti.

Kujambula kwenikweniko n'kwa tsiku limodzi. Maboma 28 asapanikizidwe m'chithunzi chozungulira chogawa zidutswa, chimene diso silingachiwerenge. Asankhe mizati yogona ya barh, yondandalikidwa kuyambira boma lalikulu, yoyambira pa 0, ndipo pansi pake palembedwe chaka ndi kumene manambalawo achokera.