Foni ya m'manja ingathandize bwanji kalabu yathu kupeza ndalama?

Achinyamata anzanga, pafupifupi kalabu iliyonse kuno ku Kandeu ili ndi ntchito yomwe inaima chifukwa chosowa ndalama. Ena akufuna mpira wokopera anzawo kuti abwere kudzamva uthenga wa Edzi. Ena akufuna njinga yonyamulira odwala kupita kuchipatala. Enanso akufuna mbewu ndi feteleza za dimba lothandizira ana amasiye.

Kale tinkangolemba pempho kumabungwe ndi kudikira. Ndalama zambiri zolimbana ndi Edzi m'dziko muno zakhala zikuchokera kunja, makamaka ku thumba la Global Fund lomwe linayamba mu 2002, ndi ku ndondomeko ya dziko la America yotchedwa PEPFAR yomwe inayamba mu 2003. Koma mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lambiri lopita kumayiko ena, ndipo m'chaka chomwecho bungwe la USAID linatsekedwa. Mabungwe ambiri anachepetsa ntchito zawo. Musamve molakwa: mankhwala a ARV akuperekedwabe mwaulere kuchipatala ndipo amene ali pa mankhwala asasiye kumwa. Zimene zavuta ndi tindalama tating'onoting'ono toyendetsera magulu ngati athuwa.

M'phunziro lino tiona m'mene foni ingatithandizire kusonkhetsa ndalama. Sizilira kuti munthu akhale katswiri wa kompyuta. Ngati mumatha kugula mayunitsi ndi kuwerenga uthenga wa pa foni, ndiye kuti mungathe.

Zimene zinachitika mu 2021

Mu Januwale 2021 matenda a Covid-19 anafika povuta kwambiri m'Malawi. M'zipatala munasowa zipangizo zothandizira odwala kupuma. Mlembi wa nkhani ndi ndakatulo, a Onjezani Kenani, analemba pa Facebook kupempha Amalawi kuti asonkhe ndalama. Gulu lomwe linabadwa pamenepo linkatchedwa Covid Response Private Citizens. Anthu a m'dziko muno ndi okhala kunja anapereka, wina zochepa wina zambiri, mpaka zinakwana mamiliyoni ambirimbiri. Anagula masilinda a mpweya ndi zipangizo zina n'kukapereka m'zipatala.

Funso ndi lakuti, n'chifukwa chiyani anthu ankapereka ndalama zawo kwa munthu yemwe ambiri anali asanamuonepo ndi maso? Facebook ali nayo anthu ambiri, ndipo opempha pamenepo ndi osawerengeka. Kusiyana kwake kunali kwakuti gululi linkalengeza poyera ndalama zomwe zalowa ndi zinthu zomwe zagulidwa, ndipo linkachita zimenezi kawirikawiri. M'chaka chomwecho dziko linadzidzimuka ndi lipoti lofufuza m'mene K6.2 biliyoni ya boma yolimbana ndi Covid-19 inayendera, lomwe linaonetsa kuti ndalama zina zinasakazidwa. Anthu anali atatopa ndi kupereka osaona kolowera ndalama zawo.

Apa ndi pamene pagona phunziro lathu. Foni siibala ndalama. Anthu amapereka kwa amene amukhulupirira. Ntchito ya foni ndi kufupikitsa mtunda ndi kusiya umboni woti aliyense auone.

Zida zomwe tili nazo kale

Chida choyamba ndi ndalama za pa foni. Airtel Money inayamba m'Malawi mu 2012 ndipo TNM Mpamba inatsatira mu 2013. Pa Airtel mumayimba *211#, pa TNM mumayimba *444#. Izi sizifuna intaneti kapena foni yodula. Kafoni ka mabatani n'kokwanira. Ubwino wake waukulu ndi wakuti ndalama ikalowa kapena kutuluka pamabwera uthenga woonetsa kuchuluka kwake, tsiku, ndi nambala ya umboni wa kutumizako. Uthenga umenewu ndi lisiti lanu. Musaufufute.

Chida chachiwiri ndi WhatsApp, yomwe imafuna foni yamakono ndi bandulo. Pa kalabu sipangalephere kupezeka mmodzi kapena awiri omwe ali nayo. Chachitatu, chomwe ena amachinyoza, ndi kope la masamu ndi cholembera. Foni imatha kugwera m'madzi, kubedwa kapena kutha moto. Kope ndiye kaundula weniweni wa kalabu.

Kodi nambala ikhale ya ndani?

Nkhaniyi tiikhalire pansi chifukwa ndi imene imaphwasula magulu ambiri. Kuyambira mu 2018, simu khadi iliyonse m'Malawi imalembetsedwa m'dzina la munthu pogwiritsa ntchito chiphaso cha unzika. Izi zikutanthauza kuti ngakhale inu muziti "nambala ya kalabu", kukampani ya mafoni nambalayo ndi ya munthu amene anailembetsa. Munthuyo akakwatiwa kutali, akapita ku Joni kapena mukayambana, ndalama zonse zimapita naye.

Choncho musagwiritse ntchito nambala yomwe msungichuma amalankhulira ndi abale ake tsiku ndi tsiku. Ndalama zake zogulira sopo ndi ndalama za kalabu zikasakanikirana, ngakhale munthu wokhulupirika amasokonezeka. Gulani simu khadi yapadera. Sankhani pamsonkhano munthu wamkulu msinkhu, wokhazikika pamudzi, woti ilembedwe m'dzina lake. Lembani kalata yachidule yonena kuti nambala yakutiyakuti ndi ya kalabu, iye asainire, ndipo a mfumu kapena mlangizi wa kalabu achitire umboni.

Kenaka gawanani udindo. Wosunga foni asadziwe nambala yachinsinsi, ndipo wodziwa nambala yachinsinsi asasunge foni. Mlembi asunge kope. Pokatapa ndalama kwa ejenti azipita anthu osachepera awiri, ndipo azipita pokhapokha komiti itagwirizana ndi kulemba. Ena adzati, "Kodi simukundikhulupirira?" Auzeni kuti lamuloli likuteteza iwo omwe. Ndalama ikasowa, munthu amene ankasunga zonse yekha alibe pothawira ngakhale asanabe.

Kalabu ikakula, ndi bwino kutsekula akaunti ya kubanki yosainira anthu awiri kapena atatu. Kubanki amafuna malamulo a gulu ndi kalata yotsimikiza kuti gululo n'lodziwika, choncho lembetsani kalabu yanu ku ofesi yoona za achinyamata paboma pa Ntcheu. Mungathenso kufunsa ku shopu ya Airtel kapena TNM za m'mene gulu lingakhalire ndi nambala yolandirira ndalama m'dzina lake.

Kumbukiraninso kuti potapa ndalama amadulako kangachepe. Funsiranitu kwa ejenti kuti pa ndalama zakutizakuti amadula zingati, ndipo muziwerengere pa bajeti yanu. Kutapa pang'onopang'ono kambirimbiri kumadya ndalama.

Kapemphedwe kake

Uthenga wakuti "Chonde tithandizeni, kalabu yathu ili pa mavuto" subweretsa kanthu. Wowerenga sadziwa kuti ndinu ndani, mukufuna zingati, ndipo mudzachita nazo chiyani. Pemphani chinthu chimodzi chooneka ndi maso. Tiyerekeze kuti mukufuna njinga. Mukhoza kulemba motere:

"Ife a kalabu ya achinyamata a m'mudzi wakuti ku Kandeu tikusonkhetsa ndalama zogulira njinga imodzi yonyamulira odwala kupita kuchipatala. Mtengo wake ndi wakuti. Ife eni tasonkha kale zakuti kuchokera ku maganyu. Zatsala zakuti. Tikufuna tigule pofika pa 1 Disembala, tsiku lokumbukira matenda a Edzi pa dziko lonse. Tumizani pa nambala iyi, ndipo dzina lomwe lituluke ndi lakuti. Loweruka lililonse tizikudziwitsani pomwe tafika."

Taonani kuti uthengawu ukunena zomwe mwachita kale panokha. Munthu amathandiza msanga amene wayamba kale kusenza katundu wake. Ukutchulanso dzina lomwe lituluke pa foni, kuti wotumiza asakayike. Mtengo muufunse sabata yomweyo musanalembe. Kuchokera pamene ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tonse taona m'mene mitengo imasinthira. Mukachedwetsa kugula, ndalama zomwe zinali zokwanira zimaperewera. N'chifukwa chake msonkhetso usatenge miyezi yambiri.

Nanga muutumize kwa ndani? Yambani ndi anthu okudziwani. Ana a m'mudzi mwanu omwe ali pa ntchito ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Balaka. Aphunzitsi omwe anaphunzitsapo pa sukulu yanu. Anzanu omwe anali mamembala a kalabu kale. Abale omwe ali ku Johannesburg kapena ku Cape Town, omwe anazolowera kale kutumiza ndalama kumudzi kudzera ku Mukuru. Membala aliyense atchule anthu atatu ndipo awalembere yekha, mwaulemu, poyamba ndi moni. Uthenga wochokera kwa mphwake umagwira mtima kuposa uthenga woponyedwa m'gulu la anthu mazana awiri. Kwa achikulire omwe savutika ndi kuwerenga pa foni, jambulani mawu pa WhatsApp kapena muwayimbire.

Ena mwa inu munamvapo za GoFundMe. Tsamba limeneli limafuna kuti wolandira ndalama akhale ndi akaunti ya kubanki m'mayiko monga Britain kapena America, ndipo Malawi sali m'gulu la mayikowo. Kwa kalabu ya kumudzi, ine ndikuona kuti n'kutaya nthawi.

Ndalama zikayamba kulowa

Aliyense wotumiza, ngakhale K500, alandire uthenga wothokoza tsiku lomwelo. Mlembi akopere m'kope tsiku, dzina, ndalama ndi nambala ya umboni ija. Loweruka jambulani tsamba la kopelo ndi kulitumiza kwa onse omwe anapereka, koma wofuna kuti dzina lake lisaoneke mulembe kuti "wakufuna kwabwino", ndipo manambala a mafoni a anthu asaoneke. Pamsonkhano wa kalabu yimbani *211# kapena *444# pamaso pa onse kuti aone ngati ndalama zotsala pa foni zikufanana ndi za m'kope.

Mukagula njinga ija, jambulani lisiti ndi njingayo. Ngati ndalama zaperewera kapena mtengo wakwera, nenani msanga ndipo funsani opereka chomwe mungachite. Musasinthe ntchito ya ndalama mwakachetechete, ngakhale pa chifukwa chabwino monga maliro. Amene anapereka za njinga akufuna kuona njinga.

Zomwe simuyenera kujambula

Ili ndiye gawo lomwe limandikhudza kwambiri monga mlangizi wa zaumoyo. Pali chiyeso chachikulu chojambula mwana wamasiye wovala zong'ambika, kapena wodwala ali gone pamphasa, poganiza kuti anthu amva chisoni ndi kupereka zambiri. Mwina aperekadi. Koma chithunzi chikalowa pa WhatsApp sichibwerera. Chituluka pa Kandeu m'mawa, madzulo chili kale ku Kasinje ndi ku Sharpevale. Mwanayo adzachipeza kusukulu anzake akumuseka nacho.

Lamulo la HIV ndi Edzi la mu 2018 limaletsa kuulula kuti munthu ali ndi kachirombo popanda chilolezo chake, ndipo limaletsanso kusala. Kulemba kuti "thandizani mnzathu uyu yemwe ali pa ma ARV" ndi kuulula. Ngakhale osatchula dzina, chithunzi cha nyumba yake kapena cha buku lake la kuchipatala n'chokwanira kuti anthu amuzindikire. Zotsatira zake timaziona: wachinyamata akadziwa kuti anthu akumunena amasiya kukatenga mankhwala, ndipo kachirombo kamachulukanso m'thupi. Palibe njinga yomwe ingalipire zimenezo.

Jambulani ntchito, osati mavuto a munthu. Jambulani dimba, mpira, sewero lanu pamsika, ndi mamembala omwe avomera okha. Mwana wosakwana zaka 18 musamujambule popanda chilolezo cha kholo kapena womulera. Ndipo membala wina akadzipereka kuti anene poyera za m'mene alili kuti kalabu ipeze thandizo, musathamangire kuvomera. Ayambe wakambirana ndi aphungu a kuchipatala.

Atsikana, chenjeraninso ndi "othandiza" omwe akapereka ndalama ku kalabu amayamba kukuyimbirani usiku kapena kupempha kuti mukatenge ndalamazo nokha kunyumba kwawo. Ndalama za kalabu zizidzera pa nambala ya kalabu basi. Wina akayamba zotere, uzani komiti kapena mlangizi wanu.

Akamberembere

Nambala yanu ikangofalikira, akuba nawonso aiona. Njira yawo yodziwika ndi kutumiza uthenga wofanana ndi wa Airtel Money kapena Mpamba, kenaka n'kuyimba molira kuti atumiza ndalama molakwitsa, muwabwezere. Musabweze. Yang'anani kaye ndalama zotsala pa akaunti. Uthenga weniweni suchokera pa nambala ya munthu wamba. Ngati wina walakwitsadi, ayimbire kukampani ya mafoni kuti imuthandize.

Ena amadzitcha akuluakulu a bungwe lothandiza, n'kunena kuti kalabu yanu yasankhidwa kulandira mamiliyoni, koma muyambe mwatumiza kangachepe ka fomu. Bungwe lenileni silipempha ndalama kuti likupatseni thandizo. Mukakayika, funsani ku ofesi ya achinyamata paboma. Nambala yachinsinsi musauze aliyense pa foni, ngakhale atati akuyimba kuchokera kukampani, ndipo isakhale chaka chobadwa cha munthu.

Ntchito ya msonkhano ukubwerawu

Gawanani m'magulu awiri. Gulu loyamba lisankhe chinthu chimodzi chomwe kalabu ikufuna, lifufuze mtengo wake, ndipo lilembe uthenga wopempha wosapitirira mizere isanu ndi itatu. Gulu lachiwiri likhale ngati amalume omwe ali ku Joni, otopa ndi kupemphedwa ndalama, ndipo lifunse mafunso onse omwe iwo angafunse asanatumize. Funso lililonse lomwe gulu loyamba lalephera kuyankha mulilembe m'kope, ndipo uthengawo usatumizidwe kwa aliyense mpaka mayankho ake atapezeka.