Kuzindikira ana a zamoyo za m'madzi pogwiritsa ntchito DNA

Ndinakulira kwa Chikweo m'boma la Machinga, kufupi ndi nyanja ya Chiuta imene ili m'malire a Malawi ndi Mozambique. Agogo anga aamuna ankazindikira matemba, makumba ndi mlamba ngakhale kuli chisisira. Koma tsiku lina nditawaonetsa tiana ta nsomba timene anyamata anakokolola ndi neti ya udzudzu, anangoti, "Mdzukulu wanga, izi zikakula ndi pamene tidziwe mayina ake." Mu nkhani ino ndikufuna kufotokoza momwe asayansi amayankhira funso limene linawakanika agogowo.

Vutoli ndi lakale. M'nyanja za mchere muli tizilombo totchedwa barnacle, timene timamatirira pa miyala ndi kunsi kwa sitima. Chifukwa cha chigoba chake, akatswiri ankatiyika m'gulu la nkhono. M'chaka cha 1830, John Vaughan Thompson anaona ana ake akusambira, ndipo anaonetsa kuti tizilomboti ndi abale a nkhanu. Charles Darwin naye anatha zaka 8 akutifufuza. Anawa amayandama pamodzi ndi tamoyo tina tosaoneka bwino ndi maso totchedwa plankton, ndipo amafundula kangapo asanapeze pomatirira. Pa msinkhu umenewu ana a mitundu yosiyana amafanana kwambiri, ngakhale pa maikulosikopu.

M'chaka cha 2003, Paul Hebert wa pa yunivesite ya Guelph ku Canada ndi anzake anapereka njira ina. Iwo anati kachigawo ka DNA kotchedwa COI, ka zilembo pafupifupi 650, kangakhale ngati chiphaso cha nyama iliyonse. Wofufuza amasefa madzi ndi kaukonde kamaso aang'ono, n'kusunga kamwanako mu spiriti. Kenaka amatulutsa DNA yake ndi kuchulukitsa kachigawo kaja pa njira ya PCR. Makina akawerenga ndondomeko ya zilembo A, C, G ndi T, amaifanizira ndi ya nyama zazikulu zodziwika kale, zosungidwa pa intaneti m'nkhokwe monga BOLD. Chondisangalatsa ine n'chakuti DNA ya mwana ndi ya wamkulu n'chimodzimodzi, chimasintha ndi thupi lokha.

Kwathu kulibe barnacle, koma njirayi ikutikhudza. Boma limatseka nyanja kuti nsomba ziswane. Titadziwa kuti tiana takutitakuti timachuluka mwezi uti ndiponso m'mabango ati, nyengo yotsekayo ikanakhala ndi umboni woti msodzi auvomereze. Nyanja ya Chilwa, imene ili pafupi ndi Chiuta, inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo nsomba zinapulumukira m'mitsinje ndi m'madambo. Malo oterowo ndi ofunika kuwadziwa bwino.

Komabe sindikufuna kuikometsa njirayi mopitirira. Nkhokwe ikasowa dzina, kapena wina akalembamo dzina lolakwika, kompyuta imabwereza cholakwacho. Chinanso, nsomba zambiri za m'nyanja ya Malawi, monga mbuna, zinasiyana mitundu posachedwa m'mbiri ya zamoyo, motero COI yawo imafanana. Pamenepo wofufuza amayenera kuwerenga zigawo zina zambiri za DNA, zomwe zimafuna ndalama zochuluka, ndipo amafunabe munthu ngati agogo anga woti atchule dzina la nsomba yaikulu isanalowe m'nkhokwe.