MANO OIKIRA: NJIRA ZITATU ZOTSEKERA MPATA M'KAMWA

Mwana ali ndi mano oyamba 20, ndipo munthu wamkulu ali nao 32. Mano a mwana akaguluka, ena amera m'malo mwace. Koma dzino la munthu wamkulu likacoka, lacokeratu. M'midzi ya m'boma la Chongwe, monganso m'midzi yina, ambiri apirira dzino lowawa kufikira tsaya litatupa, ndipo pamenepo kawiri kawiri dotolo alibe cocita cina koma kulizula. Ululu ukatha, munthu abwerera kumunda nayesa kuti mlandu watha. Koma sunathe ai, pakuti mpata wotsala m'kamwa uli ndi zobvuta zace.

Kuipa kwa mpata

Mano ali ngati nsici za nyumba, zimene zicirikizana. Limodzi likacoka, anzace a m'mbali ayamba kupendekera ku mpatawo, ndipo dzino loyang'anana nao litalika, popeza lasowa mnzace wokomana naye. Pfupa la nsagwada limene linagwira muzu liyamba kucepa pang'ono pang'ono. Mano akacoka ambiri, masaya alowa m'kati, mau ena samveka bwino, ndipo munthu acita manyazi kuseka pa anthu. Coipa coposa ndi ici: nkhalamba imene inkadya cimanga coocha, nshawa zokazinga ndi nyama yofutsa itsala ndi phala ndi nsima yofewa basi, thupi ndi kuonda. Cifukwa cace nkwabwino kudziwa njira zitatu zimene zilipo.

Njira yoyamba: mano obvula

Imeneyi ndiyo njira yochipa koposa zinazo, ndipo ndiyo imene anthu ambiri angathe kuifikira. Nkhama zikapola, dotolo aika phala lofewa m'kamwa kuti atenge cikombole, ndipo mmisiri wa mano aumba kambale ka pulasitiki kofanana ndi nkhama, namangapo mano. Ngati munthu atsala ndi mano ena, kambaleko kakolekedwa pa iwo ndi timawaya. Ngati onse anatha, apanga mbale yathunthu yokhala pa nkhama.

Masiku oyamba ngobvuta: malobvu acuruka, lilime lipunthwa, ndipo pena pace pakhula. Apa ndipo ambiri ataya mtima naponya manowo m'sutikesi. Koma kuona maso a nkhono nkudekha. Ayambe ndi zakudya zofewa, atafune mbali zonse ziwiri, ndipo pokhula abwerere kwa dotolo akakonze. Asapale yekha ndi mpeni, kapena kumata ndi ulimbo wa m'sitolo pamene mbale yasweka. Usiku awabvule, awatsuke ndi mswaci ndi sopo, nawaike m'kapu ya madzi oyera. Madzi otentha awapotoza. Popita zaka nkhama zicepa, mano ndi kuyamba kugwedera. Pamenepo afunika kuonjezedwa kapena kupangidwa atsopano.

Njira yaciwiri: ulalo

Amene ayenda pa mseu waukulu wa Great East Road aoloka mtsinje wa Chongwe pa ulalo umene watsamira tsidya lino ndi tsidya lija. Ulalo wa mano uli cimodzimodzi. Dotolo asema mano awiri a m'mbali mwa mpata, nawabveka zisoti, ndipo dzino latsopano likhala pakati, logwirana nazo. Zonsezo amata kuti zisacoke. Munthu atafuna bwino, ndipo alibe nchito yobvula usiku. Koma ulalo ufuna mano olimba mbali zonse ziwiri, uyenera mpata wa dzino limodzi kapena awiri, ndipo dzino losemedwa silibwereranso mwakale. Pansi pa ulalo pabisala zakudya, ndipo mwini wace akacita ulesi kutsukapo, mano ocirikizawo aola, ulalo wonse ndi kugwa. Mtengo wace uposa wa mano obvula.

Njira yacitatu: muzu wacitsulo

M'caka ca 1952 Per-Ingvar Brånemark wa ku Sweden anaona kuti pfupa lamoyo ligwirana kolimba ndi citsulo cochedwa titanium, ndipo mu 1965 anaika mizu yotere m'nsagwada ya munthu nthawi yoyamba, mu mzinda wa Gothenburg. Lero dotolo aboola pfupa, nalowetsamo kamsomali ka citsulo cimeneci, ndi kudikira miyezi itatu kufikira isanu ndi umodzi kuti pfupa likagwire. Pambuyo pace amangapo dzino. Mano a m'mbali sakhudzidwa, ndipo pfupa silicepa msanga. Komatu njirayi ndiyo yokwera mtengo kopambana, ipezeka makamaka m'mizinda yaikuru monga Lusaka, ndipo siyenera ali yense. Ifuna pfupa lokwanira ndi nkhama zabwino. Wosuta fodya, kapena wodwala nthenda ya shuga yosasamalidwa, kawiri kawiri muzu sumgwira bwino. Mwana amene nsagwada yace ikali kukula adikire.

Kusankha

Palibe njira imodzi yoyenera anthu onse. Agogo amene mano ao anatha athandizidwa ndi mano obvula. Mnyamata amene anataya dzino limodzi lakutsogolo pa ngozi ya njinga angaganizire ulalo kapena muzu wacitsulo. Safunsa anadya phula: munthu ayambe wapimitsa m'kamwa ku cipatala ca boma ku Chongwe, namve kumene angamtumize. Lusaka ali pa mtunda wa makilomita ngati 45, ndipo kumeneko kuli University Teaching Hospital, cipatala ca Levy Mwanawasa cimene cinatsegulidwa mu 2011, ndi Dental Training School kumene aphunzitsa amisiri a mano. Afunse mtengo wonse nchito isanayambe, ndipo acenjere ndi anthu oyendayenda opanga mano popanda cilolezo ca Health Professions Council of Zambia.

Dzino lace la munthu liposa onse

Ngakhale luso la madotolo lakula cotere, dzino loikira silifika pa dzino limene munthu anamera nalo. Dzino la munthu wamkulu likaguluka lathunthu pa ngozi, aligwire kumutu, osati kumuzu, aliike mu mkaka, nathamange nalo ku cipatala ora limodzi lisanathe. Nthawi zina libwezedwa niligwira. Dzino loyamba la mwana lokha ndilo sabwezera. Ndipo dzino likayamba kuwawa pomwa madzi ozizira, nthawi yopita kwa dotolo ndi yomweyo, pamene kucali kotheka kulimata. Amene atsuka mano m'mawa ndi madzulo ndi mankhwala okhala ndi fluoride, nacepetsa shuga m'tiyi ndi zakumwa zotsekemera, adzadya cimanga coocha pamodzi ndi adzukulu ace.